Bala la siza likayamba kuvuta muli kale kunyumba

Fungo ndi limene linayamba kundipeza, mayiyo asanamasule n'chitenje chomwe. Anali mtsikana wa mwana woyamba, ndipo tinali titamutulutsa m'wodi Lachiwiri lapitalo akuyenda yekha, akuseka. Tsopano anabwera pa kabaza atawerama, milomo itauma, amayi ake akubwera pambuyo atafukata khanda. Pamimba anamumanga zitenje ziwiri, zothina moti chala sichikanalowa. Titamasula tinapeza bala lonse lili mbuu ndi ufa wa m'makapisozi, ndipo chakumanzere kwake kunali kutatupa ngati dzira, kofiira, konyezimira.

"Zayamba liti zimenezi, amayi?" ndinafunsa.

"Lachinayi, anesi. Thupi linangotentha, ife n'kumati ndi malungo, n'kukagula mankhwala pa golosale. Dzulo m'pamene taona kuti pakutuluka zinthu."

Limeneli linali Lolemba. Masiku anayi mafinya akuchuluka mkati, mtsikanayo akumwa mankhwala a matenda amene analibe.

Amayi aja sindiwaimba mlandu. Anachita zimene ankadziwa, ndipo anazichita mwachikondi. Koma ndatsuka mabala otere kwa zaka zambiri, ndipo nkhani yake imangokhala yomweyi: bala limavuta mayi ali kale kunyumba, kulibe woliyang'ana, ndipo pofika kwa ife nthawi yapita. N'chifukwa chake ndikulembera inu amene mwachitidwa siza, komanso inu amene mukusamala mayi wotere, kaya ndinu amayi ake, apongozi, achemwali kapena bambo wa mwana. Zambiri mwa izi zikukhudzanso opaleshoni ina iliyonse ya pamimba.

Chifukwa chake zimachitikira kunyumba

Mayi wa siza amene alibe vuto timamutulutsa pakatha masiku atatu kapena anayi. Koma tizilombo tikalowa m'bala, nthawi zambiri timaonetsa zizindikiro kuyambira tsiku la 4 mpaka la 7, ndipo achipatala timawerengera bala lililonse lovuta mkati mwa masiku 30 kuti lavuta chifukwa cha opaleshoniyo. Ndiye kuti masiku oopsa kwambiri ndi amene mayi amakhala ali m'chikuta, kutali ndi namwino.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, potulutsa malangizo ake pa nkhaniyi mu 2016, linanena kuti m'mayiko osauka ndi apakati, odwala 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni mabala awo amagwidwa ndi tizilombo, ndipo mu Africa muno amayi a siza mpaka 20 pa 100 amakumana ndi zimenezi. Mayi mmodzi mwa asanu.

Tizilomboti sitichokera kutali. Kachilombo kamene kamapezeka kwambiri m'mabala, kotchedwa Staphylococcus aureus, kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu pafupifupi mmodzi mwa atatu, wosadwala n'komwe. Tina, monga E. coli, timachokera m'matumbo ndi m'njira ya chiberekero. Tikakhala pamalo ake sitivuta. Mpeni ukatsegula njira, dzanja losasamba limodzi lokha ndi lokwanira kutifikitsa kumene sitiyenera kufika.

Liyang'aneni tsiku lililonse

Amayi ambiri amaopa kuyang'ana bala lawo. Ena mimba imalendewera n'kuliphimba, moti ngakhale atafuna sangalione. Chiphimbo cha mimba chimenechi ndiye khola la tizilombo, chifukwa mumakhala thukuta, mumatentha, mphepo simulowa.

M'mawa uliwonse kukawala, sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira kuchokera m'kapu kapena pa mpopi, osati m'beseni limene onse asambamo. Mayi agone chagada. Kwezani mimbayo pang'ono ndi dzanja limodzi, muyang'ane mzere wonse kuchoka nsonga iyi kufika nsonga inayo. Ngati muli nokha, galasi lithandiza. Ngati pali foni yojambula, jambulani tsiku lililonse pamalo omwewo. Maso amaiwala mmene bala linalili dzulo, koma chithunzi chimasunga.

Bala labwino limakhala louma, milomo yake yogwirana. Kufiira pang'ono m'mbali mwenimweni mwa ulusi si vuto. Kuyabwa si vuto, ndiponso dzanzi pamwamba pa bala limatha kukhala miyezi. Kamzere kolimba pansi pa khungu, ngati chingwe, ndi mnofu umene ukupola. Chofunika kuchigwira ndi ichi: ululu wa bala labwino umachepa tsiku ndi tsiku. Ukayamba kukula pa tsiku lachinayi kapena lachisanu, pamene unali utayamba kale kutsika, pali chimene chalakwika, ngakhale maso asanaone kanthu.

Pakatha masiku awiri chichitikire opaleshoni, kusamba n'kololedwa, ndipo n'kofunika. Madzi aukhondo ndi sopo wamba zidutse pabalapo, osakhula. Mukatha, umitsani pogunditsagunditsa kansalu koyera kochapidwa, koyanikidwa padzuwa, kositidwa ngati n'kotheka. Kansaluko kakhale ka pabala pokha. Basi, palibe chopaka. Vaselini, paudala, mafuta odzola, sipiliti, zonsezi zisiyeni. Sipiliti imapsereza mnofu wanthete umene ukuyesa kumera.

Pafiira, patupa, pakutentha

Kufiira kumene kukufalikira kuchoka pa mzere wa bala, khungu lake lotentha ndi lolimba mukaligwira, ndi chizindikiro choyamba. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho dalirani dzanja: gundani pafupi ndi bala ndi kuseri kwa zala, kenako gundani chapamwamba pa mchombo, muyerekeze. Malo odwala amatentha, amanyezimira, ndipo mayi amadzidzimuka mukangowakhudza.

Tengani bolopeni, muzungulize m'malire mwa kutupako, mulembe nthawi. Ife timachita zomwezo m'wodi. Mzere umenewu ndi umene udzauze adokotala ngati vuto likuthamanga kapena likukwawa. Koma kulemba mzere si chilolezo chodikira. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ndi kabuku kanu ka kuchipatala m'manja. Pa msinkhu umenewu kawirikawiri mankhwala akumwa oyenera, kapena kumasula ulusi umodzi kapena uwiri, zimathetsa nkhani.

Pakutuluka madzi kapena mafinya

Si zonse zotuluka m'bala zimene zili mafinya. Timadzi tochepa toyera kapena tachikasu pang'ono, topanda fungo, m'masiku awiri oyamba, n'tachilengedwe. Nthawi zina madzi kapena magazi amasonkhana pansi pa khungu n'kupanga chotupa chofewa chosatentha. Chimenechinso achipatala achione, chifukwa madzi oima ndi chakudya cha tizilombo.

Mafinya amadziwika: ndi okhuthala, achikasu, obiriwira kapena otuwa, nthawi zambiri onunkha. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amasochera. Mafinya akasonkhana amadzipangira thumba, ndipo m'thumbamo magazi safika bwino. Mankhwala amene mumamwa amayenda ndi magazi. Ndiye mungamwe makapisozi odzadza dzanja, m'kati mwa thumba lija simufika kanthu. Mafinya amafuna njira yotulukira.

N'chifukwa chake mukabwera, timamasula ulusi pamalo otupawo, n'kutsegula bala kuti zonse zituluke. Timalitsuka ndi madzi amchere aja a m'diripi, n'kuchotsa mnofu wakufa, n'kuona ngati nembanemba yolimba ya pansi, imene imagwira minofu ya pamimba, idakali yosokeka. Kenako timaikamo gauze, kansalu kopyapyala ka kuchipatala, wonyowa, n'kulisiya lotsegula. Mtsikana uja atamva kuti sitimusoka analira. "Ndiye ndipita kwathu ndi dzenje, anesi?" Ndinamufotokozera zimene ndikukuuzani inu: bala lamafinya likasokedwa msanga, tatsekera mdani m'nyumba. Liyenera kupola kuchokera pansi kukwera pamwamba. Likayera, mnofu wake n'kukhala wofiira bwino wa timibulu ting'onoting'ono, osatulutsanso mafinya, adokotala amatha kulisokanso kapena kulisiya lidzitsekere lokha. Zimatenga masabata, osati masiku.

Ntchito yaikulu imakhala kutsukitsa tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Ndikudziwa kuti mtunda ndi wautali ndipo kabaza amafuna ndalama. Musangosiya mwakachetechete. Tiuzeni. Tikhoza kukulemberani kuti muzikatsukitsa ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, kapena kuphunzitsa wokusamalirani. Ngati achipatala akulolani kutsuka kunyumba, madzi amchere amapangidwa motere: wiritsani lita imodzi ya madzi, ikanimo masupuni a tiyi awiri osasefukira a mchere, vundikirani mpaka azizire. Pangani atsopano tsiku lililonse. Zochotsa pabala zotsani kapena tayani m'chimbudzi, ana ndi nkhuku asazipeze.

Chimodzi musachite: kufinya bala ngati chithupsa. Mukafinya, ena amatuluka, ena mumawakankhira mkati.

Thupi latentha

Kwathu kuno thupi likatentha, mawu oyamba ndi akuti malungo. Nthawi zina amakhaladi malungo. Koma mayi amene wachitidwa opaleshoni masiku apitawa, kutentha kwa madigiri 38 kapena kuposa, kapena kunjenjemera ndi kuzizidwa, tizikutenga ngati tizilombo talowa m'thupi mpaka achipatala atatsimikiza kuti si choncho. Kuyezetsa malungo pachala kumatenga mphindi zosakwana 20. Ndipo ngakhale malungo atapezeka, pemphani kuti ayang'anenso bala ndi mimba, poti matenda awiri amatha kukhala m'thupi limodzi.

Kutentha kungachokere malo angapo. Chiberekero chenichenicho chingagwidwe ndi tizilombo, bala lakunja likuoneka bwinobwino: m'munsi mwa mimba mumapweteka mukasindikiza, ndipo magazi otuluka kumusi amanunkha moipa. Bere lingatupe, kufiira ndi kulimba mbali imodzi. Chikhodzodzo chingadwale chifukwa cha kapaipi ka mkodzo kamene tinaika ku thiyeta, ndipo pokodza pamawotcha. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka pakatumba, angakhale magazi aundana mu mtsempha, zimenenso n'zoopsa. Zonsezi simungazisiyanitse muli pamphasa.

Samalani ndi Panado. Amathandiza ululu, ndipo mumwe monga anakulemberani, koma amatsitsanso kutentha kwa maola angapo, banja n'kumati mayi wachira. Ngati kutentha kukubwerera Panado akangotha mphamvu, musawonjezere wina. Nyamukani.

Mwana apitirize kuyamwa. Mafinya a pabala salowa mu mkaka, ndipo mankhwala amene timapereka kwa mayi woyamwitsa timasankha oti sangavulaze khanda.

Izi sizidikira kuti kuche

Pali zinthu zimene zikachitika usiku, mumadzutsa anansi usiku womwewo.

Choyamba ndi mayi amene akupuma mofulumira, mtima ukugunda kwambiri, akuchita chizungulire akaimirira, sakukodza kapena akukodza pang'ono, manja azizira, kapena wayamba kubwebweta ndi kusokonezeka. Apa tizilombo tafalikira m'magazi, ndipo ziwalo zayamba kufooka. Munthu wotere amatha kutisiya m'maola ochepa. Amafunika diripi ndi mankhwala a mu mtsempha. Thupi lake likhoza osatentha n'komwe, nthawi zina limazizira, ndiye musanyengedwe.

Chachiwiri ndi madzi ambiri ofiirira, ngati otsukira nyama, otuluka mwadzidzidzi m'bala n'kunyowetsa chitenje, kawirikawiri chakumapeto kwa sabata yoyamba kapena m'sabata yachiwiri. Mayi amatha kunena kuti anamva kanthu kakuduka mkati pamene amatsokomola kapena kudzuka. Imeneyo ndi nembanemba yamkati ija yamasuka, ndipo matumbo akhoza kutulukira pabala. Zikatero mayi agone chagada atapinda mawondo. Phimbani ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa m'madzi owiritsa ozizira, amchere aja ngati alipo. Musabwezere matumbo mkati. Musamupatse chakudya kapena madzi, chifukwa akulowanso ku thiyeta. Mupite naye chogona, ku chipatala chimene chili ndi thiyeta.

Chachitatu ndi ululu woopsa umene sukugwirizana ndi mmene bala likuonekera, khungu n'kuyamba kuda kapena kuchita matuza, kutupa kukudumpha mzere wa bolopeni uja m'maola ochepa. Ndi tizilombo todya mnofu pansi pa khungu. Sizichitika kawirikawiri, koma zimatha kuyamba ngakhale m'masiku awiri oyamba, ndipo mankhwala ake ndi mpeni, mwachangu.

Mimba yotupa, yolimba, mayi akusanza, mpweya sukutuluka, imalowanso m'gulu lomweli. Chimodzimodzi magazi ambiri otuluka kumusi kapena pabala.

Ngati muli ndi foni, Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimayankha mwaulere. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu angathandizenso kuitanitsa ambulansi. Koma pa zizindikiro izi imbani muli kale panjira. Ndipo bambo, ndalama ya mayendedwe ya tsiku lotere isungidwe padera kuyambira tsiku limene mayi watuluka m'chipatala.

Za makapisozi

Ndibwerere ku ufa uja tinaupeza pabala. Kutsegula kapisozi n'kuwaza pachilonda ndi chizolowezi chofala, ndipo sichichiza. Ufawo umasakanizika ndi madzi a m'bala n'kupanga nkhanambo, pansi pake mafinya n'kumachuluka osaoneka. Phulusa, dothi, ndowe ndi masamba osinja n'zoopsa koposa, chifukwa zingalowetse kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi, amene amapha ambiri mwa owadwala.

Kugula makapisozi anayi kapena asanu pa msika n'kumwa kulinso ndi mtengo wake wina, umene tikuulipira tonse. Tizilombo tikalawa mankhwala osakwanira, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Akatswiri a ku bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2017. Pa tizilombo ta Klebsiella, tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003. Pofika 2016 tinali tapitirira 90 pa 100. Pa E. coli, chiwerengero chinachoka pa osakwana 1 kufika pa 30. Ceftriaxone ndi jakisoni amene timamudalira kwambiri m'zipatala zathu. Akalephera iye, otsatira ake ndi odula ndipo sapezeka paliponse.

Ndiye mukapatsidwa mankhwala kuchipatala, imwani pa nthawi yake mpaka masiku amene analemba atha, osagawira mnzanu, osasungira mawa. Ngati mwa iwo muli Flagyl, mowa usayandikire. Pakatha masiku awiri mukumwa koma kutentha sikukutsika, kapena kufiira kukupitirira, bwererani. Mwina pali thumba la mafinya limene silinatsegulidwe, mwina kachilomboko sikakumva mankhwalawo, ndipo kumene kuli labu yotha kutero amatenga mafinyawo kukaona mankhwala amene angakaphe. Mukafunsidwa zimene munamwa kale kunyumba, nenani zoona. Sitifunsa kuti tikukalipireni; yankho lanu limasintha mankhwala amene tisankhe.

Bala likungokhala, silikupola

Masabata akudutsa, mukutsukitsa mokhulupirika, koma bala lili pomwepo, mnofu wake wotuwa. Apa vuto nthawi zambiri silikhala pabala, limakhala m'thupi.

Yambani ndi magazi. Mayi amene anali ndi magazi ochepa ali woyembekezera, n'kutayanso ena ku thiyeta, mnofu wake sulandira mpweya wokwanira kuti umere. Yang'anani m'zikope ndi m'manja. Ngati mwayera, pemphani kuyezedwa, ndipo mapiritsi owonjezera magazi aja musawataye chifukwa akudetsa chimbudzi. Kenako shuga. Ambiri ali naye osadziwa, ndipo shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'thupi. Kuyeza kwake n'kwa pachala. Amene ali pa ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo amene sakudziwa mmene alili ayezetse. Fodya, wosuta ngakhale wa pamphuno kapena wa m'kamwa, amafinya timitsempha tobweretsa magazi pabala.

Ndiyeno chakudya. Phala loyera ndi tiyi sizingamange mnofu. Mayi ameneyu akupoletsa bala, akuyamwitsanso. Akufunika nyemba, nandolo, soya, mazira, usipa, matemba, nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo, bonongwe, chisoso, nkhwani, ndi zipatso zimene zilipo nyengoyo, kaya magwafa, malalanje, mapapaya kapena malambe. Wina akakuuzani kuti nsomba kapena mazira zimabweretsa mafinya, musamvere. Mafinya amabwera ndi tizilombo.

Nthawi zina bala limapola lonse, n'kutsala kabowo kamodzi kamene kamatseka, n'kutumbukanso, n'kutsekanso kwa miyezi. Kawirikawiri pansi pake pamakhala kamfundo ka ulusi kamene thupi lakana. Kakachotsedwa, kabowoko kamatseka. Musakumbe nokha ndi singano. Ndipo tsiku lochotsa ulusi limene anakulemberani, ngati ulusi wanu ndi wochotsa, lisadutse. Ulusi wokhalitsa pakhungu umasanduka njira ya tizilombo. Ngati simukudziwa mtundu wa ulusi umene anakusokerani, funsani musanatuluke m'wodi.

Mawu kwa amayi ndi apongozi

Ndikudziwa kuti mayi akachira, mwambo ndi woti athowedwe ndi madzi otentha, mimba imangidwe ndi chitenje kuti ibwerere. Inunso anakuchitirani, ndipo mukufuna mwana wanu asamalidwe chimodzimodzi. Koma mimba ya siza yadulidwa kuyambira pakhungu mpaka pa chiberekero. Kuithowa ndi kusindikiza kungatsegule zimene adokotala anasoka, ndipo popeza khungu la pamenepo lili ndi dzanzi, madzi angamuwotche iye osamva. Muthoweni msana ndi miyendo ngati akufuna, pamimba musiyepo. Chitenje chothina chimasunga thukuta pabala ndiponso chimabisa zimene maso anayenera kuona. Avale zomasuka, lamba wa kabudula wamkati asagwere pa mzere wa bala. Chiberekero chimabwerera chokha, ndipo kuyamwitsa ndi kumene kumachithandiza.

Thandizo lanu lenileni lili pa chidebe, pa mtondo ndi pa khasu. Kwa masabata 6, mayi asasenze madzi, asasinje, asalime, asanyamule cholemera kuposa khanda lake. Koma asangogonanso: kuyendayenda pang'ono pakhomo tsiku lililonse kumayendetsa magazi ndi matumbo. Akafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, agwirize bala ndi dzanja kapena pilo.

Ndipo alendo obwera kudzaona mwana asagwire bala. Wogwira ndi mmodzi, wosamba m'manja. Mu 1847 ku Vienna, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis analamula kuti madokotala azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire amayi obereka, ndipo imfa m'wodi yake zinatsika kuchoka pa amayi 18 pa 100 kufika pa awiri m'miyezi yochepa. Inenso namwino, mukandiona ndikubwera pabala lanu osasamba m'manja kapena osasintha magolovesi, ndikumbutseni. Ndi bala lanu.

Ngati siza ina ikubwera

Mabala amene amavuta kwambiri ndi a siza yadzidzidzi, ya mayi amene matenda a kubereka anamuyamba kalekale, nsupa inasweka dzulo, wapimidwa kumusi kambirimbiri, n'kufika ku thiyeta atatopa. Pamenepo tizilombo timakhala titakwera kale m'chiberekero mpeni usanagwire khungu. Ndiye amene muli ndi chipsera cha siza, mimba yotsatira mukachirire ku chipatala chimene chili ndi thiyeta, ndipo ngati kwanu n'kutali, kadikirireni komweko masiku akayandikira. Nsupa ikasweka, musadikire kuti matenda alimbe.

Ngati tsiku la opaleshoni ladziwika kale, sambani thupi lonse ndi sopo usiku wake kapena m'mawa mwake. Musamete pachinena ndi lezala. Amayi ambiri amameta pofuna kuoneka aukhondo pamaso pa anamwino, koma lezala limasiya timabala tosaoneka, ndipo pofika m'mawa tizilombo taswana mmenemo. Malangizo a WHO aja akuti tsitsi lisachotsedwe, ndipo ngati n'kofunika kutero, lidulidwe ndi makina ometera. Kumene makina kulibe, sizasi ndi yabwino kuposa lezala, ndipo ntchitoyo muwasiyire achipatala.

Jakisoni wa maantibayotiki woteteza bala amaperekedwa opaleshoni isanayambe, kawirikawiri mphindi 30 mpaka 60 mpeni usanagwire khungu, kuti mankhwala akhale ali kale m'magazi pamene bala likutsegulidwa. Kwa mayi amene analibe vuto lina, kamodzi kameneko n'kokwanira, choncho musadandaule kuti akutulutsani opanda makapisozi, ndipo musakagule anuanu panjira.

Mtsikana uja anakhala nafe masiku 12, tikumutsuka m'mawa ndi madzulo. Amayi ake ankaima pambali n'kumaonerera, mpaka anaphunzira kuwiritsa madzi amchere ndi kupinda gauze osagwira pakati pake. Tsiku lomusokanso litafika, iwo ndi amene anayamba kundiuza, ndisanatsegule n'komwe: "Lero mwayera, anesi, mnofu wake wafiira bwino." Atabwera ku sikelo ya masabata 6, chipsera chinali chokhuthala chakumanzere, chouma, ndipo anafuna kudziwa za njira zolerera, poti adokotala anamuuza kuti chiberekero chipume zaka ziwiri asanatenge mimba ina.